Lipoti la damu la nsomba lomwe linayamba kupha nsomba kutangofunda, ku Mulanje

Damu lomwe ndikufotokoza pano lili pakhomo pa mayi wina wamasiye, kumunsi kwa phiri la Mulanje, mbali yolowera ku Muloza. Ndi la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, ndipo limamwa madzi a m'ngalande yomwe mabanja angapo anapatutsa pa kamtsinje kotsika m'phiri. Analikumba ndi malemu amuna awo. Munali makumba ndi chilunguni, kuphatikizapo milamba ingapo yolowa yokha. Nkhaniyi inandipeza chakumapeto kwa Seputembala 2024, itasanduka kale mlandu. Nsomba zinali zitafa m'mawa masiku awiri otsatizana, ndipo abale anali atagwirizana kuti wathira mankhwala ndi mlamu wawo wa kumtunda kwa ngalande, yemwe amalima tomato ndipo anali atakangana naye kangapo pa za madzi. Mawa lake ankafuna kupita kwa amfumu.

Ndisanayandikire madzi ndinayamba ndafunsa mbiri ya damulo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasakaza Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma ena a kummwera, madzi anasefukira pamwamba pa khoma, anathawitsa nsomba zina n'kusiya mchenga ndi matope. Anyamata anatseka pomwe panagumuka, anachotsa mchenga wa pafupi ndi polowera madzi, basi. Chiyambire pamenepo damulo silinaphwetsedwepo. Ndiwo zikasowa ankaponya mbedza kapena kukokera neti m'mbali n'kusankha zazikulu, tating'ono n'kubwezera. Chakudya chinali madeya, mbale ziwiri zodzaza tsiku lililonse, chaka chonse.

"Alangizi, nsomba zanga sizinagonepo ndi njala," anatero mayiwo. "Ngakhale kuzizire chotani, ine madeya ndimathira, monga ankachitira malemu."

Zinthu zina ziwiri zinatuluka mochedwa, titacheza kwa kanthawi. Mdzukulu wawo, mnyamata wa ku sekondale, anali atakhuthulira m'damumo wilibala yathunthu ya zitosi za nkhuku zaziwisi, masiku anayi nsomba zisanayambe kufa. Anamva kuti manyowa amakulitsa nsomba, ndipo sanamve bodza. Chachiwiri, ngalande inali itatha milungu ingapo ikungodontha. Mvula ya 2023/24 inavuta chifukwa cha El Niño, kamtsinje kanaphwa msanga, ndipo a madimba a kumtunda ankatseka madzi usana wonse.

Masana a tsiku limenelo damulo silinkaoneka lodwala. Madzi obiriwira kwambiri, nsomba osaoneka pamwamba, phee. Ndinapempha kuti za kwa amfumu zidikire tsiku limodzi, asathire madeya madzulo amenewo, ndipo tikumane m'mbali mwa damu tambala atalira kachiwiri. Matenda a damu amaonekera m'bandakucha.

Kunja kusanayere, pamwamba pa madzi panali pakamwa pokhapokha. Nsomba mazanamazana zinali zitatulutsa milomo, kutsegula n'kutseka, zambiri zitaunjikana pakona pomwe ngalande inkadonthera. Mdzukulu uja anawomba m'manja. Zinangomira pang'ono n'kubwereranso pompo. Nsomba yathanzi ikamva phokoso lotere imathawa osaonekanso. Zakufa za m'mawa umenewo tinazivuula n'kuziyala pa tsamba la nthochi, ndipo zonse zinali zazikulu, zofika chikhatho kapena kupitirira, kukamwa kuli yasa, zotsekera za mopumira zitatambasuka. Pakhungu panalibe chilonda ngakhale chimodzi, mamba ali bwinobwino. Tiana tating'ono tinkasambira m'mbali. Mbululu zinali zamoyo, achule akulira, tizilombo toyenda pamwamba pa madzi tikuthamanga monga mwa nthawi zonse. Mlamba wina unabwera pamwamba, unameza mpweya n'kubwerera pansi mosatekeseka. Dzuwa litakwera, cha m'ma 8 koloko, nsomba zonse zija zinatsika zokha.

Kenako ndinapima. Nditamiza mkono, chikhatho chinasowa madzi atangopitirira pang'ono pamfundo ya dzanja, masentimita ngati 15. Damu labwino chikhatho chimayamba kusowa madzi akafika m'chigongono, pafupifupi masentimita 30. Nsungwi yomwe ndinazika chakuya kwa damu inasonyeza madzi a masentimita 55 okha, ndipo pansi pake inalowa m'matope ena masentimita 40 isanagunde dothi lolimba. Poizula panatuluka thovu lambiri ndi fungo longa la dzira losukusa. Ndinatapa matopewo m'manja: akuda bii, oterera, ndipo mkati mwake munkaoneka madeya osadyedwa, masamba a bulugamu ndi a mapeyala owola theka. Madzi anali pa madigiri 24 m'mawa, koma masana a dzulo lake anali atafika 31.

Chomwe chinapha nsombazi ndi kutha kwa mpweya wa okosijeni m'madzi usiku, ndipo muzu wake unali m'miyezi yozizira. Kuno Juni ndi Julayi kumazizira, chiperoni chimatha masiku chili pa phiri, ndipo madzi a m'damu akatsika pansi pa madigiri 20 makumba ndi chilunguni amachepetsa kudya kwambiri. Mbale ziwiri zija zinkangomira. Madzi akazizira zinthu zimawola pang'onopang'ono, choncho madeya, masamba ndi zitosi za nsomba zomwe zinkangounjikana pansi popanda choonekera. Kukafunda mu Ogasiti ndi Seputembala, tizilombo towoletsa zinthu timadzuka n'kuyamba ntchito pa mulu wonsewo nthawi imodzi, ndipo nato timapuma mpweya womwewo umene nsomba zikufuna. Nsombanso kukatentha zimapuma kwambiri. Pomwe madzi ofunda amasunga mpweya wochepa: pa madigiri 20 lita imodzi imatha kusunga mamiligalamu pafupifupi 9, pa madigiri 30 pafupifupi 7.5. Kubiriwira kwa madzi kuja ndi tizomera tosaoneka ndi maso, tomwe masana timatulutsa mpweya koma usiku timaugwiritsa ntchito. Tikachuluka mopitirira, monga zinachitikira zitosi zija zitalowa, usiku umatha mpweya utatheratu. Pamwamba pa zonsezi, masiku awiri nsomba zisanayambe kufa kunachita mitambo tsiku lonse, kachiperoni kochedwa, kotero tizomera tija sitinapange mpweya wokwanira woti n'kugonera.

Mankhwala a tomato akanalowa, sakanasankha ola kapena msinkhu. Akanayamba ndi tiana, akanapha tizilombo ta pamwamba pa madzi, ndipo dzuwa silikanachiritsa zotsalazo. Ombwe, womwe ena amadzala m'munda kuti ubwezeretse nthaka ndipo masamba ake amaphadi nsomba, ndinauyang'ana m'mbali mwa ngalande yonse osaupeza. Umboni wina unali wapafupi: pakati pa dimba la mlamu uja ndi damu ili pali kadamu kena ka banja lina, komwera ngalande yomweyo, ndipo mmenemo simunafe nsomba. Matenda a zilonda za nsomba, omwe anapezeka ku Mchinji mu 2020, ndinawachotsa pa mndandanda chifukwa amaonekera ndi zilonda zofiira zakuya, ndipo amakonda nyengo yozizira.

Kufotokozera izi mayiwo sikunavute, poti anali ataona okha nsomba zikutsika dzuwa litatuluka. Ovuta anali achimwene awo, eni mbumba, omwe mlandu anali atauyamba kale pakamwa.

"Ndiye mukuti madeya ndiye poizoni, alangizi? Zaka zonsezi bwanji sizimafa?"

Funsoli linali lanzeru, ndipo ndinaliyankha ndi nsungwi ija. Ndinawaonetsa pomwe panalekeza madzi ndi pomwe panalekeza matope. Malemu ankathira mbale ziwiri m'damu lakuya kupitirira mita, lomwe ankaliphwetsa n'kukolola chaka ndi chaka, ngalande ikuyenda. Tsopano madzi anali theka, nsomba zitaswana kwa zaka popanda wozichepetsa, ngalande itauma. Bambowo sanavomere poyera, koma za kwa amfumu sanazitchulenso. Za mdzukulu ndinaziika pamapeto mwadala, ndipo ndinanenetsa kuti zitosizo zinangofulumizitsa chinthu chomwe chikanachitikabe mu Okutobala. Mwana yemwe wayamba kukonda damu ukamuchititsa manyazi pagulu, mawa sabweranso ndi wilibala, ndipo pakhomo ngati apa ndi iye yekha ali ndi msana wogwira ntchitoyi.

Zoyamba zinali zopulumutsa zotsala. Madeya tinaimitsa, manyowa tinaimitsa. Zakufa za masiku awiri oyamba, zomwe zina zinali zitatupa, zinakwiriridwa. Tinapempha a madimba kuti usiku azitsegula ngalande, ndipo polowera tinaikapo mwala kuti madzi azigwa momwazika, chifukwa madzi omwazika amatenga mpweya. Mnyamata uja ankadzuka m'bandakucha kukamenya madzi ndi nsungwi. Kufa kunalekeka, koma izi ndi zongogulira nthawi.

Funso lalikulu linali loti tiphwetse damu lonse kapena tingochepetsa nsomba n'kudikira mvula. Kuphwetsa chaka cha chilala kuli ndi chiopsezo chake: ukhoza kutaya madzi omwe uli nawo, osapeza odzaziranso. Ndinasankhabe kuphwetsa, pa zifukwa ziwiri. Matope a masentimita 40 sachoka madzi alimo, ndipo Okutobala, mwezi wotentha koposa, anali asanafike. Komanso khoma lomwe anazika Freddy atapita linali likuchucha kunsi kwake, udzu wa pamenepo uli wobiriwira pomwe wina wonse unali utauma, ndipo khoma lotere silidikira mvula ya Januwale. Ntchito ya m'damu ili ndi nyengo yake, kuyambira kukangofunda mpaka chizimalupsa chisanagwe. Ukaphonya pamenepo, dothi silidzaumanso mpaka chaka chamawa.

Damulo linalibe paipi yotulutsira madzi. Malemu ankadula khoma ndi khasu n'kutsekanso, njira yomwe ambiri amachita ndipo ndi imene imafooketsa makoma. Popeza pochucha paja panayenera kugumulidwa ndithu, tinadula pomwepo, madzi n'kuwalozetsa ku dimba la mpiru ndi chimanga la mayiwo kuti asapite pachabe. Zomwe zinatuluka m'damumo zinatsimikiza zonse. Nsomba zofika chikhatho zinali zowerengeka. Zotsalazo zinali tinsomba ta zala ziwiri kapena zitatu, tambirimbiri, mitu ikuluikulu matupi owonda, ndipo ena mwa makumba aang'ono chonchi anali ndi mazira kale m'kamwa. Makumba amafungatira mazira ndi ana m'kamwa, ndipo akapanikizana amayamba kuswa ali aang'ono, mphamvu yonse n'kuthera kuswa m'malo mokula. Kusankha zazikulu n'kubwezera zazing'ono chaka ndi chaka kumangowonjezera vutoli.

Ndinapereka ganizo loti zooneka bwino pang'ono tizisunge mu neti m'damu la mlamu uja mpaka lathu litakonzeka. Eni mbumba anakana, ndipo sindinakakamire. Zonse zinadyedwa kapena kugulitsidwa, tating'ono tina anayanika. Kunena zoona sindinadandaule kwenikweni, chifukwa nsomba zopinimbira zoswana pachibale si mbewu yabwino.

Matope anachotsedwa ndi mafosholo ndi ndowa, ndipo ndi ntchito yomwe inatenga nthawi yambiri ndi ndalama ya aganyu. Ndinaletsa kuwaunjika pa khoma, chifukwa mvula yoyamba imangowabwezera mkati. Anapita ku dimba ndi m'mapando a nthochi, komwe ndi manyowa abwino zedi. Pansi tinasiyapo kathope kochepa, kosapitirira masentimita 5 kapena 10, kuti damu lisayambe ngati lokumba kumene. Onse olowa m'matope ndinawauza avale majombo, poti m'mbali munali nkhono zambiri, ndipo zina mwa nkhono za m'madzi oima ndi zomwe zimasunga likodzo. Kenako tinalisiya padzuwa pafupifupi milungu iwiri, mpaka pansi panang'ambika ming'alu yolowa chala ndipo munthu ankayenda osatitimira. Pamenepo fungo lija linali litatha, dothi litasintha kuchoka kukuda n'kukhala lotuwa. Kupitirira apo sindinafune, chifukwa dongo likang'ambika mozama damu limadzayamba kumwa madzi.

Pa khoma ndi pomwe tinapeza zambiri. Kunsi kwa pochucha paja kunali mauna a nkhanu, komanso chitsa cha nthochi chomwe anyamata aja anachikwirira momwemo potseka mwachangu. Chitsacho chitawola chinasiya mphako yoti mkono n'kulowa. Tinagumula mpaka pa dothi lolimba, n'kumanganso ndi dongo lonyowetsa pang'ono, kuthira masentimita 15 kapena 20, kusinja ndi musi, kuthiranso, kusinjanso. Aganyu amadana nayo njira imeneyi chifukwa imachedwa, ndipo ukangotembenuka amathira mulu wonse n'kupondaponda pamwamba. Pamenepa ndinaimapo ndekha. Pansi penipeni tinagoneka paipi ya pulasitiki yokhala ndi chigongono, kuti mtsogolo muno akafuna kuphwetsa azingoipendeketsa. Pamwamba tinaika paipi ina yotayira madzi osefukira, masentimita 30 kutsika kuchokera pamutu pa khoma, kukamwa kwake titamanga sefa. Nthochi zonse zomwe zinali pa khoma zinazulidwa, pamalo pake panadzalidwa kapinga. Nthambi za peyala zomwe zinkalendewera pamadzi zinadulidwa. Bulugamu ali m'malire ndipo ndi wa banja lina, ndiye anatsala.

Kumtunda kwa damu tinakumba ngalande yopatutsa madzi a mvula ochokera m'munda, m'mphepete mwake n'kudzala vetiva. Ku Mulanje, komwe mvula imagwa yambiri kuposa madera ambiri a dziko lino ndipo minda ili pamatsitso, ine ngalande imeneyi ndimaiona yofunika kuposa chilichonse chomwe mlimi angagule m'sitolo. Polowera madzi tinakumbapo kadzenje koti mchenga uzitsalira, n'kuika sefa yotchinga milamba ndi achule.

Laimu ndi nkhani yomwe alimi a kuno amaidumpha kawirikawiri. Tiyi amachita bwino ku Mulanje ndi ku Thyolo mwa zina chifukwa nthaka yake ndi ya asidi, ndipo nthaka yomweyo ndi imene ili pansi pa madamu athu. Pa nthaka yotere manyowa sagwira bwino ntchito, mlimi amathira n'kuthira madzi osabiriwira, mpaka tsiku lina amathira mopitirira. Tinamwaza makilogalamu 30 a laimu wa m'munda, kutanthauza magalamu 150 pa sikweya mita, pansi ndi m'mbali monse dothi likadali ndi kachinyezi. Ndinachenjeza kuti laimu wopaka nyumba ndi wina, ndi waukali, ndipo ukamuthira m'damu muli nsomba zimafa. Amene sangakwanitse kugula, phulusa la kukhitchini limathandizako, kungoti limafunika lambiri.

Kudzaza kunatenga nthawi monga ndinkaopera. Madzi ankalowa usiku wokha, ndipo mausiku ena wina ankatseka ngalande osanena. Damu linafika mita imodzi chakuya kwake mvula yoyamba itagwa. Manyowa ulendo uno sanamwazidwe. Tinamanga kakhola ka nsungwi pakona, zitosi zouma n'kumaikidwa m'thumba momwemo, ndipo lamulo linali la mkono: chikhatho chikaoneka madzi ali m'chigongono, onjezera, chikasowa asanafike m'chigongono, vuula thumba. Ntchito imeneyi ndinaipereka kwa mdzukulu uja pamaso pa agogo ake.

Madzi atabiriwira tinaikamo ana a nsomba 600, atatu pa sikweya mita, makumba ambiri ndi chilunguni pang'ono, poti chilunguni chimadya masamba a mbatata, a chinangwa ndi udzu wanthete zomwe pakhomopo sizisowa. Mbewuyo inachokera kwa mlimi woswetsa nsomba yemwe a ofesi ya zausodzi amamudziwa. Ena amakaitenga ku Domasi, ku Zomba, komwe kuli likulu la boma la ulimi wa nsomba. Kuno kumalire kumabwera anthu otsatsa mbewu yomwe amati ndi yakunja yokula msanga. Malamulo a dziko lino salola kuweta nsomba zachilendo monga tilapia wa ku Nile, ndipo damu la m'mbali mwa phiri likasefukira, zomwe zilimo zimakathera mu Ruo ndi mu Shire. Ndinawauza mayiwo kuti oterowo akabwera aziwabweza.

Pa chakudya ndinachita masamu pamaso pawo. Ana 600 a magalamu 10 aliyense ndi makilogalamu 6 a nsomba, ndipo magawo 5 pa 100 alionse a kulemera kumeneko ndi magalamu 300 patsiku. Nditawapimira muyezowo m'kambale, mayiwo anaseka.

"Timeneti? Alangizi, mukufuna anthu azinena kuti ndayamba kumana ndi nsomba zomwe?"

Tinagwirizana kuti azithira pamalo amodzi, kawiri patsiku dzuwa litakwera, aziima n'kuyang'ana, ndipo ngati papita mphindi 15 kapena 20 madeya akuyandamabe, mawa achepetse. Muyezo uzikwera nsomba zikamakula. Tsiku la mitambo yokhayokha, kapena akaona milomo pamwamba m'mawa, asathire konse.

Mvula ya dzinja limenelo inayesa ntchito yathu, makamaka mu Malichi 2025 pamene namondwe wa Jude anadutsa kummwera kuno. Ngalande yopatutsa inadzaza mchenga ndipo inafunika kufukulidwanso, koma madzi sanakwere khoma, paipi ya pamwamba inagwira ntchito yake. Kadzenje ka polowera kankadzaza msanga kuposa momwe ndinaganizira, moti kakufunika kukulitsidwa. Nsomba sizinafenso m'bandakucha. Zomwe zinatayika zinapita ndi akakowa ndi ng'azi, ndipo tinamanga zingwe zopingasa pamwamba pa madzi ndi kumweta udzu wa kuseri kwa khoma. Kukolola kunachitika mu Meyi, kusanazizire, ndipo nsomba zambiri zinali zofika chikhatho. Sizinali zoti n'kudabwitsa msika wa pa Chitakale, poti madeya okha ndi masamba sangafike pomwe chimafika chakudya chogula, koma zinali zofanana msinkhu ndipo zinagulika pakhomo pomwepo tsiku limodzi.

Zotsala zilipo zitatu. Pakona ya kum'mawa pali kachinyezi kena komwe sikanaliko kale, ndipo ndikukayikira nkhanu. Pamenepo padzafukulidwa damu likadzaphwanso. Masamba a bulugamu akugwerabe m'madzi, mdzukulu amawavuula ndi kaneti komangirira ku nsungwi. Chachikulu ndi ngalande: mgwirizano wotsegula madzi usiku unali wa pakamwa, wa chaka chimenecho chokha, ndipo mabanja omwera ngalandeyo sanakhalebe pansi kugawana masiku. Ndapempha amfumu kuti aitanitse nkhaniyi mu Julayi, madimba asanayambe kulimbirana madzi, ndipo mlamu wa tomato uja ayenera kudzakhalapo chifukwa chotsekera chili m'dimba mwake.